Pepala limene ndinayatsira mbaula

Omvera anzanga, ndine mlembi wa kabungwe kothandiza nkhalamba kuno ku komboni ya Kanyama. Anandisankha chifukwa ndimawerenga, ngakhale kuwerengako ndinaphunzira ndekha pa manyuzipepala okulungira kapenta.

Mu Ogasiti mayi wina wa m'bungwemo anandipatsa pepala loti tikakambirane pamsonkhano. Analembapo nyumba zofunika kukonza mvula isanagwe, yoyambira, ndi amene adzagwire ntchitoyo. Ine katswiri wowerengane ndinayatsira mbaula osaliyang'ana n'komwe. Pobisa manyazi, pamsonkhanopo ndinangoti, "Ife si boma ayi, tizithandiza vuto likafika." Anzanga anavomera, tinapitiriza kugawa sopo ndi kujambulitsa zithunzi.

Mu Januwale madzi anadzaza komboni. Khoma la agogo ena osaona linafewa n'kuwagwera, ndipo anamwalira. Mayi uja anandiuza akulira kuti nyumbayo ndiyo inali pamwamba papepala lija. Bokosi la maliro tinalipeza tsiku lomwelo, pomwe matumba awiri a simenti okonzera khomalo anatikanika miyezi isanu. Mpaka lero mvula ikayamba kugunda malata, ndimakumbukira pepala lija.

Pochokera kumanda, neba wanga anandigwira paphewa nati, "Ba Sekilitale, maliro mumayendetsa bwino maningi. Manje amoyo muzayamba liti?"