Ndinkayesa Akuti Akhuta

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndinali munthu wouma mtima. Sukulu sindinapite nayo patali, koma chitenje cha chipani ndinkachivala monyada, ndipo amayi a ku Kabwata kuno ankandiopa.

Amuna anga atamwalira ndinayamba kumwa kachasu mobisa. Ndinkakwiyira aliyense. A boma akabweretsa ufa wothandiza amasiye ndi ovutika, wokonza mzere ndinali ine. Ndinkanena poyera kuti ufa wa boma ndi wa ana a Zambia, othawa nkhondo azipita kukampu.

Tsiku lina pamzere panaima mayi wowonda, dzina lake Lusiya, wothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Anali ndi khanda kumsana. Kalaliki wa boma anamva chisoni, namuthirira ufa m'kabeseni. Mayiyo anagwada, nawomba m'manja, nati, "Takhuta, takhuta."

Mtima wanga unapsa. Ndinakuwa kuti, "Mwamva ba kalaliki? Akuti akhuta! Ana athu akugona ndi njala, awa akudya zathu n'kumatinyoza." Ndinalanda kabeseni n'kubwezera ufa m'thumba. Lusiya anayesa kulankhula, koma amayi onse anamukuwiza. Sanabwerenso.

Mvula isanathe, mwana wanga wamkazi Esinati anadwala malungo n'kutisiya. Pamaliro ndinadabwa kuona Lusiya akulowa atasenza mtolo wa nkhuni. Anakhala pansi pakati pa amayi, nalira nafe. Wina atamupatsa tiyi, ndinamvanso liwu lija: "Takhuta."

Ndinati, "Ngakhale pamaliro a mwana wanga, chipongwe chomwecho?"

Amayi Nyirenda a mumpingo muno, amene anakulira ku Nsanje, anandigwira mkono. "Amake Esinati, chipongwe chake chiti? M'Chisena takhuta ndiye kuti zikomo."

Abale inu! Munthu ankathokoza, ine n'kumulanda chakudya! Apo m'pamene ndinayang'ana kumsana kwake. Kunalibe mwana.

Ndinafunsa Lusiya, "Mwana uja ali kuti?"

Anayankha motsitsa mawu, "Tinaika kumanda a ku Chingwere, mama. Mkaka unauma."

Ndinagwa pansi. Sindinkadziwanso kuti ndikulira mwana wanga kapena wake. Amene anandidzutsa n'kundipukuta nkhope ndi nsalu yake anali Lusiya yemweyo. Anandipempherera m'chiyankhulo chake. Mawu ambiri sindinawamve, koma dzina la Yesu ndinalimva. Pamphasa yamaliro pomwepo ndinapereka moyo wanga kwa Ambuye, ndipo kachasu sindinamulawenso.

Titayika maliro ndinapita ndi Lusiya ku ofesi ya boma. Bwana wa kumeneko anati malo a othawa nkhondo ndi kukampu. Ndinati, "Bwana, malamulo sindiwadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana wafera pakati pathu, ndipo amene anamumana ndine. Ngati ufa ndi wochepa, gawani wanga." Bwanayo analola kuti Lusiya azilandira, pakuti akadali ndi ana ena amoyo.

Mwana ujayo sindingamubweze. Zimenezi ndidzapita nazo kumanda. Koma Mulungu atamandike, pakuti anandikhululukira kudzera m'manja a mlendo amene ndinamuthamangitsa.

Ngati mtima wanu wauma ngati mmene unalili wanga, bwerani kwa Yesu lero lomwe. Ndipo ufa ukabweranso, amayi anzanga, tiyeni tikaime limodzi pamzere. Kuli mabanja ena amene akubwezedwabe chimanjamanja, ndipo ana awo akadali moyo.