Tithokoze Sanabwerere ku Mowa

Malemu Tithokoze Mulepa, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 2006 ku Chilobwe, mumzinda uno wa Blantyre. Anali oyamba mwa ana atatu a Bambo Albert Mulepa, omwe ndi kalipentala, ndi malemu Mayi Gertrude Mulepa, mlongo wanga. Ine ndine malume awo, Feston Nakhumwa. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi mosapsatira, chifukwa kuyambira Lachisanu m'Machinjiri muno mukuyenda mawu akuti mowa ndiwo wapha mwana wathu. Lero mumve kuchokera kwa eni ake.

Malemu anayamba sukulu mu 2012. Anali mwana wochangamuka, wapakamwa ngati mayi awo. Aliyense wolowa pakhomo paja ankatuluka ndi dzina latsopano, ndipo ine ndakhala zaka khumi ndikutchedwa Ajekete chifukwa cha jekete lomwe ndavalali. Mu 2020 anakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera. Ankanena kuti adzakhala namwino.

Pa 13 Malichi 2023, ali Fomu 3, matope a namondwe wa Freddy anatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba yawo. Mayi awo ndi mlongo wawo wamng'ono anatisiya tsiku limenelo. Malemu anavuulidwa m'matope atathyoka mwendo, ali ndi zaka 16. Atatuluka m'chipatala tinabwera nawo kuno ku Machinjiri, kunyumba kwanga. Mwendo unapola. Ife tinaona kuti mwana akuyenda, akudya, ndiye tinati wachira. Akayamba kukamba za tsiku lija tinkawadula pakamwa, kuwauza kuti alimbe mtima, zakale sabwereza. Sitinadziwe kuti mvula ikangogunda pa malata, iwo ankamva mayi awo akuitana.

Pofika Ogasiti 2023 anali atasiya sukulu. Anayamba ndi timabotolo ta mowa togula pa okala, kenako kachasu ndi chamba. Ambiri muli panonu munawaona akudzandira pamsika dzuwa likuswa mtengo, ena munaseka, ena munabwera kudzatiuza. Ife tinakalipa, tinawatsekera m'nyumba, sizinathandize. Mu Novembala chaka chomwecho mpingo wathu unawaimitsa. Zonsezi n'zoona ndipo sitikubisa.

Mu Malichi 2024 akazi anga, Mayi Brenda Nakhumwa, anapita nawo kuchipatala. Kumeneko anakumana ndi Mayi Zeinabu, phungu wothandiza anthu ovutika maganizo. Mayiwa anachita chimene ife tonse tinalephera: anakhala pansi n'kumvetsera. Anatifotokozera kuti mwana wathu sanali wopulukira ngati mmene tinkanenera, koma ankadwala, ndipo ankamwa kuti asamve zimene zinkalira m'mutu mwake. Anayamba kulandira mankhwala ndi uphungu. Sizinali zophweka. Anagwa kawiri, n'kudzuka kawiri. Pa 2 Epulo 2024 anamwa komaliza, ndipo tsikuli analilemba ndi choko kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo.

Mu Seputembala 2024 anabwerera kusukulu, kukakhala m'kalasi limodzi ndi ana aang'ono kwa iwo, osachita manyazi. Akaweruka ankaluka anthu tsitsi pakhonde. Loweruka lililonse pakhonde lomwelo pankasonkhana atsikana asanu ndi awiri olimbana ndi mowa ndi maganizo. Oyenda mumsewu ankaona ngati n'zolukana tsitsi chabe, koma amene akuluka ndiye ankamvetsera, amene akulukidwa n'kumakhuthula zakukhosi, chifukwa malemu ankati munthu amamasuka bwino akamalankhula osayang'anidwa m'maso. Mu Julaye 2025 analowa kalasi ya kumpingo, ndipo amayenera kubwezeretsedwa pa Pasaka ikubwerayi. Chaka chino amayembekezera kulemba mayeso a Fomu 4. Sanakwatiwe, ndipo sanasiye mwana.

Lolemba pa 19 Januwale 2026 malemu anabwera kusukulu akudandaula mutu. Lachiwiri masana anayamba kusanza, kuyenda modzandira ndi kulankhula zosamveka. Kunja kunali mvula. Apa ndiye pamene banja lanena kuti ndisalumphe mzere ngakhale umodzi. Ife tinaganiza kuti ayambiranso. Ine ndemwe ndinakhuthula chikwama chawo cha sukulu kufunafuna botolo. Sindinalipeze. Ndinanunkhiza m'kamwa mwawo, fungo munalibe, komabe ndinati agone, mowa ukawachoka tikambirana. Iwo anayesetsa kutiuza kuti sanamwe. Sitinawakhulupirire. Tinataya tsiku lathunthu tikudikira kuti mowa uchoke mwa munthu amene sanamwe.

Lachitatu m'mawa mnzawo wa pakhonde paja, Asia, atawagwira pamphumi, anatikalipira ife akuluakulu osaopa nkhope, kuti woledzera satentha thupi chotere. Ndiye amene anathamanga kukaitana galimoto. Kuchipatala anapeza malungo, ndipo anali atafika kale ku ubongo. Madokotala anayesetsa mbali yawo. Malemu anatisiya Lachisanu pa 23 Januwale 2026, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 19.

Mphekesera inafika kwa akulu a mpingo ife tisanafike, ndipo poyamba anakayika ngati maliro ano angaimbidwe. Sitikuwadandaula, popeza kukayika kunayambira m'nyumba mwathu. Dzulo bambo a malemu ananyamula kalata ya dokotala, ine ndinanyamula manyazi anga, tinakaonekera pamaso pawo n'kufotokoza zonse monga ndafotokozera pano. Abusa anafunsanso aphunzitsi a kalasi ya kumpingo ija, ndipo iwo anayankha kuti Tithokoze sanajombepo ngakhale Lamlungu limodzi. Nyimbo mukuzimvazi ndilo yankho la mpingo.

Malemu asiya bambo awo, Bambo Albert Mulepa, mng'ono wawo Maziko yemwe ali Fomu 1, ife amalume ndi azakhali, komanso atsikana asanu ndi awiri aja, amene akhala kumbali kwa bokosiku. Akazi anga ati ndilengeze kuti khonde lija n'lanu, Loweruka likubwerali mubwere monga mwa nthawi zonse.

Tikuthokoza amfumu, abusa ndi akulu a mpingo, amayi amene akhala akuphika, adzukulu, madokotala ndi anamwino, aphunzitsi ndi ophunzira anzawo. Mayi Zeinabu, munatibwezera mwana pamene ife tinali titataya mtima. Asia, munaona zimene ife akulu tinalephera kuona, Mulungu akudalitseni.

Kwa nonse mwabwera, pempho la banja ndi limodzi. Mukabwerera kwanu, wina akakufunsani chimene chatenga mwana wa a Mulepa, mukanene kuti ndi malungo. Akafunsa za mowa, mukanene kuti anaugonjetsa, ndipo anakhala chaka ndi miyezi isanu ndi inayi osaulawa, mpaka tsiku lawo lomaliza.

Tithokoze, mwana wa mlongo wanga, munatiuza zoona. Tachedwa, koma takukhulupirirani, ndipo tanena pamaso pa anthu onsewa. Mzimu wanu uuse mumtendere.