Chotupitsa Chituluke

Ku Bowe mukafunsa za masikono akulozerani kwa mayi Manesi, akazi a Gideoni, mphunzitsi wopuma uja amene ngakhale uthenga wa mwana wake amauwerenga cholembera chofiira chili m'manja. Tsiku limene mwana wawo Hana ankabwera ndi chibwenzi chake Nataniyeli, dokotala wachiyuda wa ku Dzaleka, pamodzi ndi mayi a mnyamatayo ochokera ku Joni kudzadya Pasaka wa Ayuda, mayi Manesi anatuluka panja masana n'kupeza katundu wa m'khitchini ataunjikidwa patsinde pa peyala.

"Bambo a Hana! Tikusamuka kodi?"

"Sitikusamuka," anatero a Gideoni akutambasula pepala. "Ndikutulutsa chotupitsa."

"Mukutulutsa chiyani?"

"Uthenga wa Hana ndaukopera apa. Mfundo yoyamba: zophika zikhale zosavuta, nkhuku yootcha, mbatata yakachewere ndi mazira owiritsa. Mfundo yachiwiri: chotupitsa chilichonse chisapezeke m'nyumba, mwambo wawo ndi wa masiku asanu ndi atatu. Pa mawu akuti chilichonse ndadula mizere iwiri."

Mayi Manesi anawerama n'kutola kapaketi pamulupo. "Yisiti wanga uyu!"

"Ameneyo ndiye mtsogoleri wawo."

"Abwerere. Pasaka ndamuphikira zaka makumi atatu ine. Abusa asinthana anayi pampingo pathu, onse achoka atanenepa ndi masikono anga. Lero asowe?"

"Ameneyo ndi Pasaka wathu. Uyu ndi wawo. Makolo awo anathawa ku Iguputo mkate usanatupe."

"Iwowo ankathawa. Ife akutithamangitsa ndani?"

A Gideoni anayang'ana papepala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. "Zimenezo sanalembe."

Musawaseke mayi Manesi, mtima unali m'mwamba. Mayi a Nataniyeli anali asanavomere za ukwatiwo, ankafuna ayambe aona kwawo kwa mtsikana. Tsono mayi wa ku Joni, wodziwa ndege ndi mahotela, ungamuonetse chiyani ku Bowe? Mipando yake ndi yomwe ija yogwedera, Chizungu cha mayi Manesi chimathera pa moni. Chimene akanaima nacho pamaso pa asewere awo osachita manyazi chinali chimodzi basi, masikono otupa ngati chibakera.

"Chabwino, yisiti tikambirana," anatero. "Nanga nyembazi zalakwa chiyani?"

"Zimatupitsa mimba."

"Mimba ya ndani?"

"Yanga. Inu ndinu mboni."

"Mpungawu?"

"Mumathira kapu imodzi, mumphika mumadzaza. Kumeneko si kutupa?"

"Umatupa wokha umenewo, sutupitsa munthu!"

A Gideoni anakanda pachipumi ndi cholembera. "Funso labwino. Koma uli pa kafukufuku, ukhale kaye panja."

"Mchere! Bambo a Hana, mchere? Nkhuku ndiotcha yozizira?"

"Anamwino aja anati chiyani za mapazi anga? Anati mchere umatupitsa. Ndinalemba tsiku lomwelo."

Mayi Manesi anakankha mulu uja ndi phazi, ndipo chinachake chachitsulo chinagubuduka.

"Pampu ya njinga! Imeneyi timadya?"

"Sanati chotupitsa chodyedwa. Anati chilichonse. Ntchito ya pampu n'chiyani?"

"Kupopa!"

"Tayala likapopedwa limatani?"

"Ee, Ambuye, ndinalakwanji ine! Anthu amakwatiwa ndi amuna, ine ndinakwatiwa ndi mayeso."

"Tipitirize," anatero a Gideoni osatekeseka. "Mfundo yachitatu, zotsekemera. Maapozi opala, mtedza wa makademiya wosinja ndi uchi, kusakaniza basi, osaika pamoto. Akuti zioneke ngati matope oumbira njerwa, pokumbukira ukapolo wa makolo awo."

"Matope?"

"Matope. Ndakutengerani chitsanzo." Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chibuma chonyowa chokulunga m'pepala. "Ndakapempha kwa a Bonifasi oumba njerwa aja. Muzifanizira mtundu."

"Munthu wakwera ndege kuchokera ku Joni, wagwedezeka m'galimoto msewu wonse wa Dowa uwu, afike pano ndimupatse matope?"

"Otsekemera."

"Akabwerera kwawo akanene kuti chiyani? Kuti kwawo kwa mtsikana uja ngakhale keke samuidziwa, anandipatsa dothi m'mbale?"

"Akuti amalikonda."

"Ayi, ine ndakana. Matope awowo ndipanga, koma pambali pake pakhale masikono. Afune adye, asafune anunkhize." Anatembenuka kuti alowe m'nyumba, phazi n'kugunda botolo pakhomo penipeni. "Nanga uchi wa ku Ntchisi uja ukutani apa?"

"Umenewo wandivuta. Mfundo yachitatu ikuufuna, yachiwiri ikuukana."

"Uchi umatupitsa chiyani?"

"Njuchi. Mwaiwala chaka chatha? Inandiluma padiso, ndinapita kukalalikira ngati munthu womenyedwa ku mowa."

"Uchi si njuchi!"

"Mwini wake ndi yemweyo. Ndiye ndauika pamalire, theka mkati theka kunja, mpaka Hana adzagamule."

Mayi Manesi anagwira m'chiuno. Anaganiza zowakola ndi nzeru zawo zomwe, kuti mwina aone okha kupusa kwake.

"Aphunzitsi, tandiuzeni. Nyemba zouma zija zimatupa zokha?"

"Ayi, mpaka muziviike."

"M'chiyani?"

"M'madzi."

"Ndiye chotupitsa chenicheni n'chiyani pamenepo?"

A Gideoni anangoti kukamwa yasa. Anawayang'ana akazi awo ndi ulemu waukulu, ulemu umene sanawapatsepo chikwatirane. "Nabanda, mukanapitiriza sukulu inu!" Anathamangira m'nyumba.

"Iyayi, ndimangonena! Bambo a Hana! Ndowayo ndatunga ndekha m'mawa!"

Anatuluka ndi ndowa, madzi akukhavukira pa nsapato. Anabwerera, natuluka ndi ketulo. Ulendo wachitatu anachedwa, ndipo mayi Manesi atamva bedi likukhukhuluzidwa kuchipinda, anadziwa kuti zobisa zawo zapezeka. A Gideoni anatulukira pakhomo atanyamula beseni lovindikira ndi chitenje cha Mvano, chitenjecho chitakwera pakati ngati chulu.

"Ichi n'chiyani?"

"Zovala."

"Zikununkhira yisiti."

"Sopo wa masiku ano."

"Zikupuma."

"Bwezani pomwe mwalitenga! Ndakanda mbandakucha inu mukuliza mkonono. Ufa wa tirigu woyera, mkaka, majarini, zonse. Masikono amenewa aphikidwa, kaya kugwe chiyani!"

A Gideoni anatsitsa beseni pakati pa awiriwo. Sanakweze mawu, iwo sakweza mawu, n'chimene chimapweteka.

"Pali mfundo yachinayi. M'mawa munati ndisawerenge, yatalika."

"Ndipo yatalikadi."

"Ndi mzere umodzi. Akuti: Amayi, chonde, akaona kuti mwambo wawo tauderera, Nataniyeli ndamutaya."

Mayi Manesi anavundukula chitenje n'kuyang'ana ufa wawo wokanda, wosalala, wotupa bwino kuposa masiku onse, ngati ukuchita dala. Zinawawawa kwambiri, misozi inalengeza. Koma Hana ndi mmodzi yekhayo, ndipo mwanayo mnyamatayo amamukondadi. Ananyamula beseni okha, anakaliika pamulu paja, n'kuponya kapaketi ka yisiti pamwamba.

"Latuluka. Mwakondwa?"

A Gideoni anachonga papepala. "Mwakhoza. Tsopano mazira aja ndikuwakayikira, chifukwa mukawamenya kwambiri amafufuma."

"Mazira ali m'mfundo yoyamba!"

"Ndiye akhale pamalire ndi uchi." Anakweza maso n'kuwayang'anitsitsa. "Koma Nabanda, nkhope yanu yatani? Masaya atupa. Mwadya nyemba mobisa?"

"Sindinadye kanthu chidzukire."

"Njuchi?"

"Ayi."

"Ndiye chakutupitsani n'chiyani? Tichipeze msanga, alendo ali pafupi."

Mayi Manesi anapumira m'mwamba. Kenaka anamwetulira, kumwetulira kumene akazi a Mvano amakudziwa ndipo akakuona amasuntha mipando.

"Tawerenganinso mfundo yachiwiri ija."

"Chotupitsa chilichonse chisapezeke m'nyumba."

"Chilichonse?"

"Mizere iwiri."

"Masiku angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu, bambo a Hana, ine ndikatupa chonchi chonditupitsa chimakhala chimodzi chokha. Chavala jekete, chagwira cholembera chofiira."

A Gideoni anadziyang'ana jekete, anayang'ana cholembera, anayang'ana pepala. Milomo inkagwedera, akufufuza polakwika. Sanapapeze. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kampando, n'kukhala pakati pa pampu ndi thumba la nyemba, beseni lija pamiyendo kuti nkhuku zisajomphe.

Mayi Manesi anatola mchere, uchi ndi ndowa yawo, palibe anawaletsa. Nkhuku inapsa, mbatata inafiira bwino, ndipo matope aja atawalawa ndi chala anadzudzula mtima wawo, chifukwa anali okoma ndithu. Dzuwa litapendeka anamva galimoto ikulira kumunsi kwa phiri, ndipo m'pamene anakumbukira kuti Chizungu chonse cha pakhomopo chili pansi pa peyala.

"Bambo a Hana, basi, nthabwala yatha. Lowani mukasinthe malaya, mundilankhulire ndi asewere."

"Masiku asanu ndi atatu."

"Ndaphwa! Onani masaya, ndaphwa!"

"Mwaphwa chifukwa ndatuluka. Umenewo ndi umboni."

"Mundichititsa manyazi pamaso pa anthu!"

"Mwayambanso kutupa. Ndisunthire kutali?"

Galimoto inaima. Anatsika Hana, nkhope ili gwa ndi mantha, kenaka Nataniyeli, kenaka mayi wamfupi wa imvi ndi magalasi, wosaseka. Mayiyo anayang'ana mulu uja chimodzichimodzi: yisiti, nyemba, ketulo, pampu, ndi bambo wa jekete atafungatira beseni limene ufa unali utayamba kusefukira m'mbali. Analankhula Chizungu, Hana n'kumasulira.

"Akuti zimenezi n'chiyani?"

Mayi Manesi anaona kuti zonse zatha basi, ukwati wapita. Chonama chinawasowa.

"Uwauze kuti ndi zotupitsa. Tatulutsa zonse monga unanenera."

Hana anamasulira. Mayiyo analoza a Gideoni ndi chibwano n'kufunsanso.

"Akuti nanga bamboo?"

"Amayi, chonde," ananong'ona Hana.

"Uwauze momwemo. Amenewo ndiye amatupitsa kuposa yisiti."

Hana anatsinzina n'kumasulira. Mayi uja anavula magalasi. Mapewa anayamba kugwedezeka, kenaka chiphwete chinaphulika mpaka anagwira chitseko cha galimoto, misozi ili chuchuchu. Anapita kwa mayi Manesi, anawagwira manja onse awiri osawasiya, akulankhula mawu oduka ndi kuseka.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi Manesi.

Hana nayenso anali akulira ndi kuseka pamodzi. "Akuti mukuganiza kuti abwera okha chifukwa chiyani? Amuna awo awasiya ku Joni pa mlandu womwewo."

A Gideoni anagwedeza mutu mokhutira, anachonga kotsiriza papepala lawo, n'kukhazikika bwino pakampando.

"Mwamva, Nabanda? Lilimo m'malamulo awo. Munditumizire bulangete."