Kudzandira kwa Bambo Erlend Harcus

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1957 kuno ku chilumba cha Westray, chimodzi mwa zilumba za Orkney, m'banja la Bambo Sinclair ndi Mayi Thora Harcus. Sukulu anayambira ku Pierowall, nakamalizira ku Kirkwall, kenako anabwerera kudzaweta ng'ombe za bambo awo. Mu 1981 anamanga banja ndi Mayi Inga Rendall, ndipo mu 1990 mpingo unawasankha kukhala dikoni. Mowa sanaulawepo chibadwire.

Mu 1998 diso lawo lamanzere linachita chifunga, likupweteka akalitembenuza. Patapita milungu linayera lokha, iwo n'kumati inali mphepo ya kunyanja. Chaka china miyendo inachita dzanzi, ndipo akaweramitsa khosi ankamva ngati magetsi akutsika mumsana. Zimenezonso zinatha zokha. Inu mukudziwa, munthu wa kuno sapita kwa dokotala chifukwa cha dzanzi pamene ng'ombe zikubereka.

Mu Ogasiti 2003, pa ukwati wa mwana wawo wamkazi Freya, mkwatibwi ankazungulitsa chikho chathabwa cha mowa wotentha monga mwa mwambo wathu. Malemu anangochigwira n'kupatsira mnzawo. Koma m'holo munali mutatentha, ndipo atanyamuka kuti avine ndi mwana wawo anadzandira, lilime litalemera, n'kugwa pamaso pa anthu. Mmene kunkacha, chilumba chonse chinali chitamva kuti adikoni aledzera. Ena ankati, "Ndiye amamwera kukhola eti?" Zinawapweteka kwambiri, abale. Anasiya kugawa Mgonero wa Ambuye, poti dzanja linkanjenjemera ndipo maso a mpingo wonse anali padzanja pomwepo.

Tikuthokoza Dokotala Moira Isbister. Iwo sanafunse za paukwati zokha, anakumba za zaka zam'mbuyo mpaka Mayi Inga anakumbukira za diso lija. Mu 2004, ku chipatala cha ku Aberdeen, makina ojambula ubongo anaonetsa zipsera m'malo osiyanasiyana, zakale ndi zatsopano, ndipo madzi a mumsana anachitira umboni. Anali matenda a multiple sclerosis, amene amasupula chikuto cha mitsempha, ndipo thupi likatenthedwa zizindikiro zimakula. Kuno ku Orkney ndi ochuluka, koma aliyense amamugwira mwa njira yake. Madokotala anadabwa kuona munthu akuseka pomva za matenda osachizika. Malemu anangoti, "Inga, kani ndikungodwala basi. Zikomo Ambuye." Sabata lotsatira anagawanso Mgonero, dzanja likunjenjemera choncho.

Anthu omwe ankawanena aja sanabwere ndi mawu ambiri. Anabwera ndi mathirakitala kudzamweta udzu wa ng'ombe, chaka ndi chaka, ndipo malemu atakhala pa njinga ya olumala mu 2012, ndi omwewo anakonza njira ya pakhomo. Banja likuti zikomo, ndipo likunena ndi mtima wonse.

Bambo Harcus anatisiya pa 2 Febuluwale 2024 atadwala chibayo. Asiya Mayi Inga, ana awiri, Freya ndi Sigurd, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino, abusa, ndi amayi amene mwaphika.

Pempho lawo lomaliza ndi ili, ndipo analinena akumwetulira: bokosi lawo linyamulidwe ndi anzawo omwe ankanena kuti adikoni aledzera aja, poti ndiwo odziwa kuyenda mowongoka. Mukudzidziwa, mabwana. Bwerani kutsogolo, musachite manyazi, ankakukondani.

Mzimu wa Bambo Erlend Harcus uuse mumtendere.