Amuna Anga Amalowa Chafutambuyo

Kamvula kankawaza pamzere wolowera m'nyumba ya kanema kudera lotchedwa Montmartre. Mayi Honorine, ochapa zovala, anamva bambo wina kumbuyo akuwalankhula.

"Mayi, simunasochere? Za muno n'zopanda mutu. Anthu amayenda chadodolido, mipando imavina."

"Ndikudziwa, bambo. Lamlungu lililonse ndimabwera."

"Ndiye mumatolapo kanthu?"

"Nditolepo chiyani ine? Malemu amuna anga alimo m'kanemamo. Ojambulawo anawapeza akutuluka pakhomo pathu, makwerero ali paphewa, ulendo wakuntchito."

"Pepani. Mtima suwawa kuwaona akuchoka?"

"Sachokatu. Anyamata amisala ojambulawo anatembenuza kanemayo. Amayenda chafutambuyo, n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutsekeka."

Bamboyo anavula chipewa.

"Ndikhale nanu pafupi, mayi? Akamafika mundigwire mkono, ndisawaphonye."