Pepala Lopindidwa Pangodya

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1971, ali achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo anali telala, mayi awo ankagulitsa masamba pamsika. Kuyambira ali aang'ono ankagwira chilichonse ndi dzanja lamanzere, kaya ndi sipuni, kaya ndi khutu la mlongo wawo akawaputa. Mbiriyi yatalikirapo kusiyana ndi mmene timachitira, ndipo mutikhululukire. Pakati pathu pano pali mwana wa zaka khumi amene akukhulupirira kuti ndiye wapha malemu, ndipo banja likufuna kuti amve nkhani yonse inu muli mboni.

Anayamba sukulu mu 1978. Mphunzitsi wa kalasi yoyamba ankati dzanja lamanzere lili ndi ntchito zake zina, osati kugwira pensulo. Ankawamangirira dzanjalo kumsana ndi chingwe, ndipo likamasuka ankalimenya ndi m'mphepete mwa rula mpaka mfundo za zala kutupa. Tsiku lina mu 1979 anawapeza akulemba mobisa ndi dzanja lomwelo. Analigwira, analiika pakamwa pa desiki, n'kumenyetsa chivundikiro. Zala ziwiri zinathyoka. Palibe amene anapita kukafunsa. Zalazo zinapola zokhota, ndipo ambiri mwa inu munaziona zitagwira choko. Malemu sanasinthe dzanja mpaka anamaliza sekondale mu 1990.

Mu 1992 anayamba ntchito yowerenga ndi kukonza zolakwika pakampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku. M'chipinda cha kumbuyo munali womata ndi kusoka mabuku, munthu wa mawu ochepa, amene sankapirira kuona pepala lopindika. Malemu akafuna kusunga malo ankapinda ngodya ya tsamba, iye n'kubwera pambuyo kudzawongola ndi chikhadabo. Anakangana za nkhaniyi zaka zinayi, kenako anakwatirana pa 7 Seputembala 1996 n'kukapitiriza mkanganowo kunyumba. Malemu ankawatcha amuna awowo a Guluu, ndipo ankawanyoza kuti tsiku lina adzafuna kuwongola ndi makwinya a nkhope yawo omwe. Mulungu anawapatsa ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi.

Mu Meyi 2008 mwana wamwamunayo, wamanzere ngati mayi ake, anabwera kuchokera kusukulu atabisa dzanja m'malaya. Linali ndi mikwingwirima isanu ndi inayi, ina ikuchucha magazi. Malemu anaiwerenga yonse n'kuitsuka. M'mawa mwake analowa m'kalasi osagogoda, anatenga ndodo patebulo la mphunzitsi, anaithyola pabondo katatu ana onse akuona, n'kusanja zidutswazo bwinobwino ngati mapensulo. Anatuluka atagwira mwana wawo padzanja, anakatenganso mlongo wake wa mwanayo m'kalasi ina, ndipo kusukuluko sanapondekonso.

Mwezi womwewo anasiya ntchito n'kusandutsa chipinda chodyera kukhala kalasi. Mabuku anali ochepa. Amuna awo ankabwera ndi mapepala otsala podula n'kusoka makope. Zilembo ana ankayambira kuzilemba ndi chala m'thireyi ya mchenga, poti malemu ankati mchenga sukalipa, ukalakwitsa umangosalaza. Mawu ankawamanga ndi zitsekerero za mabotolo zolembedwa chilembo chimodzichimodzi. M'nyumbamo ndodo munalibe, ngakhale rula yemwe anali wa katoni. Lamulo la kulemba linali limodzi lokha: lemba zimene waona ndi maso ako. Mwana akalemba kuti kumsika kunali kosangalatsa, ankamubwezera pepala n'kumufunsa kuti, "Kosangalatsa kwa ndani? Wogulitsa nsomba uja anavala chiyani? Iwe unapita kumsika kapena unatuma mutu wokha?"

Sabata yomaliza ya Disembala aliyense ankapirikitsidwa m'chipindamo. Malemu ankalumikiza makalendala akale anayi, kuwatembenuza, n'kugwada pansi kujambula mabokosi makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, bokosi lililonse sabata yake ndi mutu wake wolemba, m'zigawo zitatu. M'chigawo chilichonse ankasiya bokosi limodzi lopanda kanthu. Ankalitcha sabata ya chimfine, ndipo ankati munthu wokonza chaka osasiyira malo matenda ndi maliro ndiye kuti sanalerepo mwana. Chipepalacho chikakwera pakhoma chinali boma, ngakhale mwini nyumba sankatsutsana nacho.

Ana awo atakhoza mayeso, anthu amene poyamba ankati mayiyu wazungulira mutu anayamba kubweretsa awo. Chaka chino anali ndi ophunzira asanu ndi awiri. Pakutha pa chigawo chilichonse amuna awo ankasoka zolemba za mwana aliyense kukhala kabuku ka chikuto cholimba kopita kwa makolo. Koma pepala limene malemu alipinda pangodya silinkalowa m'kabuku. Limenelo linali la mwana ndi aphunzitsi ake basi. Amuna awo lamuloli ankalidziwa.

Mu Januwale 2023 kunabwera mtsikana wa pamsewu wa kuseri kwathu, amene ankakhala moyang'ana khomo nthawi zonse. Mnzake akakweza dzanja kuti ayankhe funso, iye ankabisa mutu. Pakamwa panali potseka, koma akagwira pensulo sankasiya kanthu, moti malemu anamutcha Mlembi. Lachitatu pa 26 Julayi mutu wa pakhoma unali wakuti "Phokoso la kunyumba kwathu." Ena analemba za tambala ndi wailesi. Mlembi analemba masamba awiri za bambo ake omupeza, amene ndi makanika: mmene lamba amalirira akamasololedwa, mmene mutu wa mayi ake umagundira chitseko, ndi dzino limene analitola pansi pa mpando n'kulisunga m'bokosi la machesi. Malemu anawerenga, anapinda ngodya, n'kubwezera pepalalo m'mulu wa mwanayo monga mwa nthawi zonse. Tsiku lomwelo anakaonana ndi mayi a mwanayo pambali, ndipo anapangana zopita kwa oteteza ana Lolemba lotsatira.

Ndime iyi amuna a malemu apempha kuti iwerengedwe monga ailembera, osaifewetsa. Lachinayi pa 27 Julayi iwo anatenga mapepala a ana kuti asoke. Atafika pa mulu wa Mlembi anaona ngodya yopindika. Chikhadabo chinachita zimene chakhala chikuchita zaka makumi atatu, mutu uli kwina. Anawongola ngodyayo, analipsinja pepalalo limodzi ndi anzake, n'kulisokerera pakati pa kabuku osawerenga ngakhale mzere umodzi. Lachisanu kabukuko kanapita kunyumba kwa mwanayo.

Loweruka pa 29 Julayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, malemu akuchapa pakhonde, Mlembi anatulukira akuthamanga, wopanda nsapato, mlomo utang'ambika. Bambo uja anali m'mbuyo mwake, dzanja lina kabuku, lina sipanala ya matayala. Malemu anakankhira mwanayo m'kalasi, anakhoma, anaponya kiyi padenga, n'kuima pachitseko manja akadali ndi thovu. Oyandikana nawo anawamva akuti, "Bambo, mwanayu walemba zimene ndinamuuza ine. Ngati mukufuna wolakwa, ndi uyu waima panoyu." Bamboyo anawamenya koyamba pamkono wamanzere umene anatchinga nawo, ndipo unathyoka. Kachiwiri anawamenya paphewa. Sanasunthe. Kachitatu anawamenya m'mutu. Anagwa chotsamira chitseko, ndipo bamboyo anali akuwakoka miyendo kuti awachotsepo pamene anthu anamugwira n'kumulanda chitsulocho. Amuna awo nthawi imeneyo anali kuntchito. Munthuyo ali m'manja mwa apolisi, ndipo banja likupempha kuti pasapezeke wina wokagenda kapena kutentha nyumba ija. Kumenya kwakwana.

Malemu anachitidwa opaleshoni ya m'mutu tsiku lomwelo. Anatsitsimuka kamodzi kokha, pa 2 Ogasiti, ndipo choyamba kufunsa chinali chakuti kodi chitseko chija chinatseguka. Anauzidwa kuti ayi. Pamenepo amuna awo anawaululira za ngodya ija. Malemu anawayang'ana n'kunena kuti, "A Guluu, inunso." Sanayankhulenso. Anamwalira Lolemba pa 7 Ogasiti 2023, nthawi ya 2 koloko masana, ali ndi zaka 52.

Kuyambira Loweruka lija Mlembi sanagwirenso pensulo. Manong'onong'o amene akuyenda pamaliro pano, akuti kamwana aka kapha aphunzitsi ake ndi cholembera, ife tawamva, ndipo iyenso wawamva. Tsono timve tonse. Mwanayu anafunsidwa kulemba zimene anaona, ndipo analemba zoona. Aphunzitsi ake anachibisa chinsinsicho mmene ankabisira nthawi zonse. Amene anachiulula ndi amene anawongola pepala, ndipo amene anapha ndi amene ananyamula chitsulo. Pa anthu awiriwa palibepo mwana.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi. Asiyanso ophunzira asanu ndi awiri. Mlembi ndi mayi ake akukhala kunyumba kwa malemu, ndipo banja likuwawerengera pamodzi ndi ofedwa.

Tikuthokoza amuna atatu amene anagwira munthu uja manja awo ali opanda kanthu, woyendetsa galimoto amene anatsitsa katundu wake pamsewu kuti anyamule malemu, mtsikana amene anakwera padenga kukatenga kiyi, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa masiku asanu ndi anayi, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Kwa makolo amene mwakhala mukufunsa, chipepala chija chikadali pakhoma. Chigawo chachitatu chiyamba Lolemba pa 4 Seputembala monga chinalembedwera, ndipo amene adzaphunzitse ndi mwana wa malemu, wamanzere uja. M'bokosi la sabata imeneyo malemu analembamo kale mutu wakuti "Kalata kwa munthu amene ali kutali." Amuna awo asoka makope asanu ndi awiri. Kope la Mlembi lili pampando wake, ndipo tsamba lake loyamba alipinda okha pangodya.

Mzimu wa malemu, mayi ndi mphunzitsi wathu, uuse mumtendere.