Tsiku Limene Khoma Linazizira

Ine, wodziwika ndi dzina loti Mayi Masamu, wa zaka 73, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wokhala m'chipinda cha kuseri kwa fakitale ya mkamwini wanga, ndikunena izi.

Ndili ndi ana awiri. Wamkazi anakwatiwa ndi mwini fakitaleyo. Wamwamuna ndi amene amayang'anira ng'anjo, ndipo pano ali m'chitokosi.

Fakitaleyo imalimbitsa zitsulo. Mwana wangayo anandifotokozera ntchito yake kalekale. Chitsulo chikafiira m'ng'anjo amachimiza m'thanki ya mchere wosungunuka, ndipo chimayenera kukhalamo maola anayi kuti chilimbe mpaka m'kati. Chikatuluka msanga chimathetheka ngati galasi. Pomaliza amachipititsa pa makina a leza, amene amalimbitsa khungu lake lokha.

Thankiyo inagundana ndi khoma la chipinda changa. Ikayaka, pampu yake imalira ndipo khoma limafunda. Ndimakhala motsamira khomalo chifukwa cha msana. Pakhomapo pali kabowo ka mpweya kotchinga ndi waya. Za m'fakitale ndimaziona ndi kuzimva pamenepo.

Lachitatu pa 4 mwezi uno, nthawi ya 9 koloko m'mawa, anamiza mapini 12 achitsulo a kireni, makina okweza katundu wolemera m'mwamba. Pampu inasiya kulira nthawi ya 10:20. Ndinasuzumira pakabowo. Mkamwini anali ataima pa swichi. Anauza mwana wanga kuti lole ya kontirakitala ifika masana, choncho mapini atuluke. Mwana wanga anakana kawiri. Kachiwiriko anati, "Alamu, awa sanapse." Mkamwini anayankha kuti, "Woyeza zitsulo amagogoda khungu, salowa m'kati. Leza ibisa." Kenako anamufunsa ngati akudziwa mwini wa denga limene amayi ake amagona pansi pake. Mwana wanga anayang'ana kukabowo, n'kuvala magolovesi.

Mapini atatuluka, mkamwini anawathira madzi a m'payipi kuti azizire msanga. Ndinamva kaphokoso ngati ka tambula imene yathiridwa madzi owira. Kanamveka katatu. Kenako analowa nawo m'chipinda cha leza, n'kutseka chitseko. Mapini anatuluka osalala.

Pofika 12 koloko khoma linali litazizira. Mkamwini anandipeza nditakhala pakhomo, nati, "Apongozi, lero mwawerenga chiyani, nkhunda?" Ndinati padenga panali nkhunda zisanu ndi ziwiri. Zina sindinanene. Lole inanyamula mapini onse nthawi ya 2 koloko.

Pa 11 ndinamva kuti pini imodzi yaduka pamalo ena pomwe akumanga nyumba, ndipo katundu anagwera mmisiri amene tsopano ali m'chipatala. Izi sindinaone ndi maso. Pa 12 apolisi anatenga mwana wanga. Kuyambira tsiku limenelo geti ya pabwalo imakhala yokhoma, ndipo kiyi wanga mkamwini anandilanda ati ndingamutaye. Chipinda changa chili ndi khomo limodzi, lotulukira pabwalo pomwepo.

Lero mkamwini wandibweretsa kuno kupolisi pa galimoto yake kuti ndidzanene kuti mwana wanga anali yekha m'fakitale. Panjira mwana wanga wamkazi anandigwira dzanja, nati, "Amayi, inu mwakalamba, munene kuti makutu sakumva. Nanga ana anga adya chiyani?" Iye ali ndi ana atatu. Mlongo wake, amene ali m'chitokosiyu, ali ndi awiri. Ndawerenga anawo njira yonse, kuyambira uku, kuyambira uko. Yankho likutuluka limodzimodzi, zidzukulu zisanu.

Makutu anga amamva. Amene anazimitsa pampu ndi mkamwini. Amene anatulutsa mapini m'thanki ndi mwana wanga. Kaphokoso kanamveka katatu, koma pini yoduka ndi imodzi. Ziwiri zong'aluka zikadali kwinakwake, zanyamula katundu pamwamba pa mitu ya anthu. Ndikupempha kuti kireni iliyonse imene inalandira mapini amenewo iimitsidwe lero.

Wapolisi wandifunsa kumene ndingapezeke ndikafunikanso. Ndatchula chipinda chomwe chija. Ndilibe china. Galimoto ikundidikira panja, ndipo hutala yalira kale kawiri.

Zimene ndikudziwa pa nkhaniyi ndi zomwezi. Ndawerenga ndekha tsamba lonse ndisanasaine.

Wopereka umboni: Mayi Masamu ____________________
Wolemba: wapolisi wa pakauntala ____________________